Chikwapu kapena kukhala pansi? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25. Akuti anatsutsana ndi anzawo pa mzere wa mafuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mkangano osatha. Funso lawo ndi ili: dziko likamafuna kupanga bomba la nyukiliya, chimene chingaliletse n'chiyani, kuliopseza ndi nkhondo kapena kukhala nalo pansi n'kukambirana? Iwowo ali ku mbali ya chikwapu. Akuti wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi pamene mwalasa. Mu September 2007 ndege za Israel zinaphulitsa nyumba ina m'chipululu cha Syria, pamalo otchedwa Al-Kibar, imene bungwe loona za nyukiliya la IAEA linadzanena kuti iyenera kuti inali ng'anjo ya nyukiliya, momwe mungatuluke zopangira bomba. Syria sinabwezere, ndipo sinamangenso ina. Apo nkhwangwa inagwira ntchito, sindikana. Koma inali nyumba imodzi, pamalo amodzi, m'dziko limene linalibe akatswiri ambiri ake.

Tsono taonani za Iraq. Mu June 1981 Israel yomweyo inaphulitsa ng'anjo ya Osirak pafupi ndi Baghdad, imene anamanga ndi a ku France. Ambiri anawomba m'manja kuti nkhani yatha. Saddam Hussein anangophunzirapo chimodzi: usamayanike ufa poyera. Ntchito ija anaigawa m'malo ambiri obisika, n'kuthiramo ndalama ndi anthu kuposa kale. Dziko lapansi linadzazindikira kukula kwake nkhondo ya 1991 itatha, ndipo amene anaiphwasula ntchitoyo chidutswachidutswa anali oyendera a IAEA ndi a United Nations, anthu oyenda ndi makamera ndi mapepala. Pamene America inkalowa mu Iraq mu 2003 ponena kuti kuli zida zoopsa, inakapeza kulibe.

Bomba limagwetsa khoma. Zimene zili m'mutu mwa injiniya silizifika.

Chimene ambiri saganizira ndi chifukwa chake mtsogoleri amalifunira bombalo. Ndi lokwera mtengo, limabweretsa zilango za zachuma, anthu ako amagona ndi njala. Amene amalilimbikira nthawi zambiri amakhala ndi mantha oti tsiku lina adzabwera kudzamuchotsa pampando. Ndiye inu mukamuopseza ndi nkhondo, mukumuuza kuti mantha akewo ndi oona.

Muammar Gaddafi wa ku Libya anavomera mu December 2003 kusiya ntchito yake yopanga zida za nyukiliya. Makina ake anapakidwa n'kutumizidwa ku America. Zaka zisanu ndi zitatu zisanakwane, mu October 2011, anaphedwa ku Sirte ndege za NATO zitathandiza omuukira. Kaya Gaddafi mumamukonda kaya ayi, ku Pyongyang, likulu la North Korea, ankaonerera. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. North Korea inali itagwirizana ndi America mu 1994 kuti iimitse ng'anjo yake ya ku Yongbyon posinthana ndi mafuta ndi ng'anjo zina za magetsi. Mgwirizanowo unayenda motsimphina, aliyense akuloza mnzake chala, mpaka unagwa mu 2002, chaka chimene George W. Bush anatchula dzikolo pamodzi ndi Iran ndi Iraq kuti ndi gulu la oipa. Mu 2003 North Korea inatuluka m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya. Mu 2006 inaphulitsa bomba loyesera loyamba, ndipo pofika 2017 inali itayesa kasanu ndi kamodzi. Lero palibe amene akulankhula zoilowera. Ukraine nayo inapereka zida zimene Soviet Union inaisiyira, italonjezedwa ku Budapest mu 1994 kuti malire ake adzalemekezedwa. Zimene Russia inachita mu 2014 ndi 2022 mukuzidziwa.

Mwina muti: ndiye kukambiranako n'kopanda pake, poti malonjezo sasungidwa. Apa mpamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa nkhani ya Iran ili ndi manambala oti munthu n'kuwagwira.

Yuraniyamu wokumbidwa pansi, ngati uja wa ku Kayelekera ku Karonga, sangaphulike. Mbali yake yofunika pa bomba ndi yosakwana 1 peresenti. Amamuyenga m'makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge, ngati mayi akupeta mobwerezabwereza mpaka gaga yense atachoka. Wa magetsi amafika pa 3 mpaka 5 peresenti. Wa bomba amafuna pafupifupi 90. Chovuta n'chakuti ntchito yolemetsa ili koyambirira. Ukafika pa 60, kotsalako ndi kamtunda kakafupi.

Mu July 2015, ku Vienna, Iran inagwirizana ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China. Inavomera kusayenga kupyola 3.67 peresenti, kusasunga oposa makilogalamu 300, kuchotsa ma centrifuge ambiri, ndi kulola oyendera a IAEA kulowa ndi makamera awo. Posinthana ndi zimenezi, zilango zinafewetsedwa kuti igulitse mafuta ake. IAEA inanena mobwerezabwereza kuti Iran ikusunga mbali yake. Mu May 2018 Donald Trump anaitulutsa America m'panganolo n'kubwezeretsa zilango, ati kufinya kolimba kubweretsa pangano labwino kuposa lija. Chaka chotsatira Iran inayamba kudumpha malire aja limodzilimodzi. Mu 2021 inafika pa 60 peresenti. Pofika chapakati pa 2025 inali ndi makilogalamu oposa 400 a yuraniyamu wotere. Mu June chaka chomwecho Israel inayamba kuphulitsa, America n'kutsatira ndi mabomba ake olemera ndi mizinga pa malo a nyukiliya a ku Fordow, Natanz ndi Isfahan. Malowo anawonongeka kwambiri, koma Iran inayankha poimitsa mgwirizano wake ndi IAEA. Nthawi ya pangano anthu ankawerenga makilogalamu pa sikelo. Mabomba atagwa anayamba kuganizira potengera zithunzi za m'mlengalenga.

Sindikunena kuti Iran inabwera pa tebulo chifukwa cha mtima wabwino, ayi. Zilango zinali zitailuma, ndipo inkadziwa kuti ndege zilipo. Ngakhale pa bwalo la mfumu, munthu amavomera kulipira mbuzi podziwa kuti kukana kuli ndi zotsatira. Koma chikwapu chili ndi ntchito pokhapokha munthu akukhulupirira kuti akamvera sichimugwera. Mukamukwapula atamvera kale, mawa mumuopseza ndi chiyani?

Chitsanzo chimene ndimachikonda chili pafupi pompano, kumene abale athu amapita pa basi kukasaka maganyu. South Africa ya tsankho inapanga mabomba asanu ndi limodzi mwachinsinsi. Palibe ndege imene inapita kukawaphulitsa. F.W. de Klerk atalowa upulezidenti mu 1989 analamula kuti aphwasulidwe, dzikolo linasaina pangano loletsa zidazi mu 1991, ndipo iye anaulula poyera mu March 1993. Chinasintha n'chiyani? Asilikali a Cuba anali akuchoka ku Angola, Namibia inali kulandira ufulu, Soviet Union inali kugwa. Chimene ankachiopa chinachoka. Ena amanenanso kuti azunguwo sanafune kusiyira boma la ANC zida zoterezi, ndipo ine sindiwatsutsa. Pangano loti Africa ikhale yopanda zida za nyukiliya, losainidwa mu 1996, linatchedwa Pelindaba, dzina la malo amene ankayengera yuraniyamu wawo.

Ndiye mukandifunsa mbali yanga, achimwene, ndili kwa oyendera ndi masikelo awo, ngakhale ntchito yawo ndi yochedwa ndiponso yosakoma pa TV. Ndipo muwauze anzanu aja kuti nkhaniyi si yakutali monga akuganizira. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta a dziko lonse lapansi limadutsa pa kampata ka nyanja ka Hormuz, m'mphepete mwa Iran. Kukangomveka mfuti kumeneko mtengo umalumpha, sitima zisanafike n'komwe ku Beira kapena Dar es Salaam, ndipo ife timagula ndi madola amene tilibe kale. Mkangano wanuwo mudzaupitiriza pa mzere womwewo, zigubu zili m'manja.