Lipase ilipo koma sikuphwanya mafuta

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ndimaphunzira sayansi pa yunivesite. Tinaika jini (malangizo amene selo imatsata popanga puloteni) ya lipase, enzaimu kapena kuti puloteni yophwanya mafuta, ya bakiteriya wa Pseudomonas aeruginosa mu bakiteriya wina wotchedwa E. coli. Puloteni yatuluka yambiri, koma mafuta ali chikhalire. Vuto lili pati?

Yankho: Musataye mtima, mwanawe. Ndikuganiza kuti mwasiya mnzake wa lipaseyo. Puloteni ikangopangidwa imakhala ngati chingwe chotambasuka, ndipo imagwira ntchito pokhapokha itapindika moyenera. Lipase ya Pseudomonas imayamba kupindika yokha koma simaliza. Imafuna puloteni yoithandiza yotchedwa Lif, kapena LipH, imene jini yake ili pafupi penipeni ndi ya lipase.

Lif imamatirira pa khungu lamkati la selo. Imakumbatira lipase mpaka itakhala bwino, kenako lipaseyo imatulutsidwa kunja kwa selo. Mu 2006, akatswiri a ku Brussels, m'dziko la Belgium, anaonetsa maonekedwe a kukumbatiranaku pa bakiteriya wa Burkholderia glumae, ndipo ine ntchito imeneyo imandigometsa mpaka lero.

Ikani majini onse awiri. Musabwereke Lif ya bakiteriya wa mtundu wakutali, chifukwa kawirikawiri siigwira lipase yachilendo.