Achimwene a ku Joni, chidebe chija chiperekeni kwa ena

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene amakhala ku Johannesburg. Anandilola kuti ndimuyankhe pano bola ndisatchule dzina. Nkhani yake ili motere. Mu 2020, boma la South Africa litaletsa kugulitsa mowa nthawi ya Covid-19, iye ndi anzake asanu, onse Amalawi, anayamba kufulula okha kuseri kwa nyumba ya lendi. Anayamba ndi wa chinanazi, kenako masese a chimera chogula m'sitolo. Malo omwera anatsegulidwa kalekale koma iwo sanasiye. Loweruka lililonse amakumana, ndipo katswiri wofulula ndi iyeyo. Pano wafika poti m'mawa manja amanjenjemera mpaka atamwako kapu imodzi, mwezi watha anajomba kuntchito kawiri, ndipo ndalama zotumiza kwa mayi a kunyumba zayamba kuperewera. Funso lake ndi ili: "Ndikufuna kusiya mowa. Kodi ndikhoza kumawafululira anzangawa ine osamwa? Gulu lomweli ndi limene timasonkherana pakagwa maliro, ndipo ntchito ndili nayoyi anandipezera ndi iwowa. Ndikachoka ndikhala ndi ndani kuno?"

Achimwene, zikomo chifukwa chondikhulupirira. Funso lanu ndiliyankha, koma ndiyambe ndi za manjazo, chifukwa mwazitchula mongodutsa pomwe ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yonse.

Munthu amene amadzuka akunjenjemera, n'kukhala bwino akamwako, thupi lake lazolowera mowa moti kusiya mwadzidzidzi ali yekha m'chipinda kukhoza kumuvulaza. Mowa umafooketsa ubongo. Ukamalowa tsiku ndi tsiku, ubongo umayamba kugwira ntchito mwamphamvu kuposa kale kuti ulimbane nawo. Zili ngati wakabaza amene wakhala akupalasa mwamphamvu mabuleki atagwira. Wina akamasula mabulekiwo mwadzidzidzi, njinga imathawa nayo. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyambirira ena amagwa ngati akhunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ena amasokonezeka mutu, thupi limatentha, amaona zinthu zoti palibe. Madokotala amatcha zimenezi delirium tremens, ndipo zimapha ngati munthu sanathandizidwe. Kwathu zikatere anthu amathamangira kunena kuti amulodza, n'kumutengera kwa sing'anga, pomwe akufunika chipatala usiku womwewo.

Sikuti aliyense wosiya mowa amafika pamenepo, ambiri safikapo. Koma inu chizindikiro choyamba muli nacho kale, ndiye musayesere mwayi. Musanasankhe tsiku losiyira, pitani kukiliniki. Lembani papepala zimene mwamwa masiku 7 apitawa, makapu angati, aakulu bwanji, kuyambira nthawi yanji, ndipo musachotsere. Achipatala ali ndi mankhwala, kawirikawiri diazepam, amene amapereka kwa masiku ochepa akukuyang'anirani kuti thupi litsike pang'onopang'ono. Amaperekanso thiamine, amene ndi vitamini B1, chifukwa omwa kwambiri amamusowa ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. Mapiritsi amenewa musagule pamsewu kapena kupempha kwa mnzanu. Diazepam akakumana ndi mowa m'thupi akhoza kuimitsa kupuma.

Ndikudziwa kuti kwa mlendo kumeneko, kupita kuchipatala cha boma kumafuna kulimba mtima. Komabe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti palibe munthu amene angakanizidwe thandizo lachipatala pa vuto ladzidzidzi. Mukagwa kapena kuyamba kusokonezeka, amene muli naye aimbe 112 pafoni ya m'manja. Kulinso bungwe la SANCA, limene lakhala likuthandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala osokoneza bongo kuyambira 1956, ndipo lili ndi maofesi ku Johannesburg ndi madera ozungulira. Misonkhano ya Alcoholics Anonymous (AA), gulu la anthu othandizana kusiya mowa, nayo iliko yambiri. Salipiritsa polowa, safunsa pasipoti, ndipo munthu amangotchula dzina loyamba lokha.

Tsopano funso lanu. Kufulula inu osamwa sikutheka, ndipo ndikhulupirira kuti pansi pa mtima mukudziwa kale.

Ine ndinakulira pamoto wa mowa. Mayi anga ankatcheza kachasu, ndipo fizi yanga ya kusekondale inachokera m'mavelemoti. Choncho munthu wofulula sindingamunyoze, ndimadziwa kuti ndi luso ndiponso ntchito yowawa. Ndimakumbukira mayi atakhala pambali pa mtsuko m'bandakucha, akusonkhezera moto pang'onopang'ono kuti usakule, madontho oyamba akugwera m'botolo. Ankatapako pang'ono n'kuwaza pamoto, lawi likabuka ankadziwa kuti mutu watuluka bwino. Kachasu ankamuyesa ndi moto, koma masese analibe njira ina yoyesera koma lilime. Tsiku lachitatu unkalawa kuti umve ngati wayamba kuwira, lachinayi unkalawanso kuti umve ngati kutsekemera kwatha, ndipo posefa unkalawa kachitatu. Pa tsiku lomwa, mwambo unali woti mwini mowa ayambe ndiye kumwa pamaso pa anthu, kusonyeza kuti m'chipandamo mulibe choipa. Inu mwakhala mukuchita zomwezi kuyambira 2020. Mphuno yanu imadziwa fungo la chimera chikamakumana ndi phala lotentha, manja anu amadziwa kulemera kwa chidebe chikapsa. Kwa munthu amene akulimbana ndi chilakolako, kuvundukula chidebe chimene chikuchita thovu n'kumati sindilawa, ndi kudzizunza kopanda phindu. Mukhoza kupirira Loweruka limodzi kapena awiri, koma lidzafika Loweruka lina mutatopa, abwana atakulankhulani zopweteka, kumudzi atayimba kuti mwana wadwala.

Palinso china chokhudza mowa wofulula wekha chimene anthu sachiganizira. Wa m'botolo umalembedwa mphamvu yake, uli ndi mtengo, ndipo ndalama zikatha m'thumba munthu amanyamuka. Chidebe cha malita 20 chilibe cholembedwa chilichonse. Mukawonjezera shuga kuti anzanu akuyamikireni, yisiti amasandutsa shugayo mowa, mphamvu imakwera, koma kapu imakhala yomweyo. Palibe amene amawerenga makapu. Ndipo alendo akapita Loweruka usiku, zotsala zimagona kwa wofulula. Ndiye kapu yanu ya m'mawa ija imachokera pamenepo. Anzanu asanu aja amamwa tsiku limodzi pa sabata, inu mumakhala nawo mowawo sabata yonse.

Ine ndinasiya mu 2017, ndipo ndinayamba ndi nzeru yonga yanuyi. Sindinkafulula, koma ndinali ndi tebulo langa pamalo ena omwera m'tauni, ndi anzanga amene tinadziwana kuyambira kusukulu. Ndinati ndizipitabe, ndizimwa Fanta. Masabata atatu zinatheka. Lachinayi kunali mpira pa TV, timu yathu inagoletsa mphindi zomaliza, wina anandipatsa botolo m'manja tonse titaimirira tikukuwa, ndipo ndinazindikira nditamwa kale theka. Palibe amene anandikakamiza, dzanja linangochita zimene linazolowera pamalo amenewo. Ndinamwa masiku 9 otsatizana. Nditayambiranso kusiya, patebulo paja sindinabwererenso, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkazungulira njira ina pochokera kuntchito kuti ndisadutsepo.

Koma mantha anu enieni ndi aja mwawalemba kumapeto: ndikhala ndi ndani kuno? Amenewa sindikuwapeputsa. Kunja kulibe amalume, kulibe amfumu, kulibe mpingo umene unakubatiza. Munthu akamwalira ku Joni, amene amasonkha ndalama zoti thupi lifike kumudzi ndi anthu onga anzanuwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwaona ndi maso kuti denga lake ndi lolemera bwanji.

Tayang'anani bwino gulu lanulo. Muli zinthu ziwiri zimene zinangopezeka pamalo amodzi: chidebe cha Loweruka, ndi kope lolembamo zopereka. Mukusiya chidebe. M'kope dzina lanu likhalemo. Pitani kwa amene amasunga kopelo mkati mwa sabata, masana, nonse muli bwinobwino, osati Loweruka pamowa. Perekani chopereka cha mwezi uno, ndipo ngati mungathe cha mwezi wamawa chomwe, kuti aone kuti simukuthawa udindo. Kenako muuzeni mosazungulira: "Achimwene, mowa wayamba kundidwalitsa, ndapita kuchipatala, ndikusiya. Kufulula ndasiyanso, ndipo Loweruka simuzindiona. Pa maliro, pa matenda, pa za ntchito, ndiimbireni nthawi ina iliyonse." Musanene kuti mukupuma kaye, chifukwa mwezi ukatha adzabwera kudzafunsa ngati mwapuma mokwanira. Musawalalikirenso za kuipa kwa mowa. Iwo sanakufunseni, ndipo akangomva ngati mukuwaweruza, khomo limene mukufuna likhale lotsegula lidzatsekeka.

Zipangizo zonse zichoke pakhomo panu tsiku lomwelo: chidebe, sefa, mthiko, chimera chotsala, ngakhale makapu amene munkamwera. Ngati amafululira kuseri kwa chipinda chanu, apeze malo ena. Wina akafuna kudziwa kafululidwe kanu, mufotokozereni pafoni kamodzi, koma musapite kukaima pamoto kuti mumuonetse.

Adzalankhula, zimenezo yembekezerani. Wina adzafunsa kuti mwalowa mpingo uti. Wina adzati akazi anu akukulamulirani ali kumudzi. Wina adzanong'oneza mnzake kuti mwina mwayamba kumwa mankhwala aja. Amene adzakwiye kwambiri nthawi zambiri ndi amene nayenso manja ake amanjenjemera m'mawa, chifukwa kusiya kwanu kukumufunsa funso limene sakufuna kuyankha. Sindikulonjezani kuti onse asanu adzakhalabe anzanu. Pa anzanga a patebulo paja, awiri okha ndi amene timayenderanabe. Ena sitinakangane, kungoti mowa utachoka pakati pathu tinapeza kuti tinalibe zambiri zokambirana. Zinandipweteka kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo pamaliro mtima umandiwawa pang'ono. Koma awiri aja ndi amene anabwera kudzagona kuchipatala mayi anga atadwala.

Chimene chidzakuvuteni kwambiri ndi Loweruka lenilenilo, kuyambira cha m'ma 2 koloko masana. Nthawi imeneyo muikonzere zochita Lachisanu lisanathe, musadikire kuti ikupezeni muli chigonere pabedi. Kaya ndi mpira wa anyamata, kaya kwaya, kaya msonkhano wa AA, kaya kuphika nsima ya usipa wobwera pabasi n'kuitana mmodzi mwa anzanu aja kuti adzadye asanapite kumowa. Idyani mokwanira, chifukwa njala ndi chilakolako zimayendera limodzi. Chilakolako chikabwera chimakwera, n'kufika pachimake, n'kutsika chokha, nthawi zambiri theka la ola lisanathe. Tulukani panja, yendani, imbirani munthu. Tulo tidzavuta masabata oyambirira, musadabwe nazo. Thupi limabwerera: mafuta amene mowa umaunjika m'chiwindi amatha kuchoka m'masabata ochepa munthu akasiya, malinga chiwindicho chisanafike pochita zipsera zosachira. Mukapita kukiliniki pemphani kuti akuyezeni magazi a chiwindi ndi BP.

Za thobwa ndichenjeze, popeza ambiri amathawirako. Thobwa la tsiku lomwelo si mowa, koma likagona masiku angapo pamalo otentha limayamba kuwira, ndipo inu ndi munthu wodziwa bwino lomwe tsiku limene limatembenuka. Fungo lake ndi la chimera chomwecho. Miyezi yoyambirira lisiyeni kaye, makamaka lophika nokha.

Mukadzaterereka n'kumwa, musadzabisale sabata yonse ndi manyazi ngati mmene ndinachitira ine. M'mawa mwake muuze munthu mmodzi, ndipo ngati mwamwa masiku angapo bwereraninso kukiliniki musanasiye, chifukwa thupi likadutsa m'kusiya kwadzidzidzi kambirimbiri, zizindikiro zija zimanka zikukula. Mukadzabwera kumudzi pa Khirisimasi, dziwani kuti kunonso thandizo lilipo: a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a vuto la mowa, chimodzimodzi chipatala cha Zomba Mental. Ulendo umenewo muukonzekere, chifukwa munthu wochokera ku Joni amalandiridwa ndi mowa, ndipo amayembekezeka kugulira mudzi wonse.

Mayi a kunyumba auzeni sabata ino, musanauze gulu. Iwo aona kale kuti ndalama zachepa, ndipo mwina akuganiza zina zoipa kuposa zoona zake. Apempheni kuti azikuimbirani Loweruka masana. Pepala la makapu lija yambani kulemba usiku uno, Lolemba mupite nalo kukiliniki, ndipo mukatuluka mundilembere zimene akuuzani.