Valani kabudula wanuyo, koma chitenje chisachoke m'chikwama

Achemwali, valani kabudula wanu wothinayo, musamvere zoti ndi zauhule. Ndangowerenga zimene mwalemba muno zoti apongozi anu akukuletsani kupalasa njinga mutavala choncho pomwe adokotala akuuzani kale kuti BP yakwera, ndipo mtima wanga wayamba kugunda mpaka kulemba kukundivuta. Ine izi zinandionekera ndi maso, si zongomva ayi.

Inenso ndinayamba njinga chifukwa cha BP yomweyo, shuga nayenso anali atayamba kusuzumira. Poyamba ndinkapalasa nditamanga chitenje pamwamba pa thirakisuti. Chitenjecho chinakodwa mu tcheni potsetsereka, chinandikoka m'chiuno, ndinagwa n'kusupuka chigongono ndi bondo. Thirakisuti nayo msoko wake wapakati uja umakupekesa, ukapalasa mtunda wautali umanyuka moti posamba madzi amachita kuwotcha, kukhala pa mpando kuntchito osatheka. Anzanga amene tinkapalasa nawo ndi amene anandiuza kuti ndipeze kabudula wa njinga weniweni. Ndinamupeza pa kaunjika ku Limbe. Amene simunamugwirepo, mkati mwake muli kasiponji kosokerera pamalo pamene thupi limakhudza chishalo, ndipo amathina dala kuti nsalu isamayendeyende n'kumakukhula. Akakhala wotaya, kasiponji kaja kamasuntha, ntchito yake yatha. Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Palibe mkazi amene amadzuka 5 koloko m'mawa kukuzizira mu June kuti akaonetse thupi kwa oitanira minibasi.

Tsiku limene anandichita chipongwe chifukwa cha kabudulayo linali Loweruka. Tinanyamuka gulu kulowera msewu wa ku Zomba. Titadutsa Limbe ine ndinatsalira pa chitunda, anzanga anapitirira poganiza kuti ndiwapeza kutsogolo, ndiye tayala lakumbuyo linaphwa. Pampu ndinali nayo koma chubu chapadera ndinalibe. Ndinayamba kukankha njinga mpaka pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, pamene pali bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinali nditavala kabudula wakuda wofika pamwamba pa mawondo, malaya a njinga ndi chipewa. Palibe chimene chinkaoneka, ndikubwereza, palibe.

Likhweru linayamba ndisanafike n'komwe pa mtengo paja. Kenako wina anakuwa kuti, "Amayi, mwaiwala kuvala!" Anthu gwa kuseka. Ine ndinangoyang'ana pansi, ndinapereka moni kwa bambo wokonza uja, ndinamuuza kuti amate chubu. Anatembenuza njinga, anayamba kuchotsa tayala. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti ndilibe kothawira, njinga yanga ili chagada, tayala lili m'manja mwa munthu. Anayamba kubwera mmodzimmodzi, oitanira minibasi, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, wina atanyamula mzimbe akutafuna. Anandizungulira. Mawu amene ankanena sindingawalembe onse muno, muli ana a anthu. Ankatchula ziwalo zanga chimodzichimodzi mokweza, akufunsana mtengo wanga. Wina anati, "Awa ndi amene akutilanda mvula." Wina anati, "Tiwathandize kumaliza kuvula, poti ayamba okha."

Mnyamata wina, msinkhu wa mwana wanga woyamba, atavala jezi ya mpira yong'ambika pakhwapa, anabwera kumbuyo kwanga. Ndinamva fungo la kachasu ndisanamuone. Analowetsa zala m'lamba wa kabudula, anakoka n'kusiya kuti lasitiki indimenye pamsana, phwaa. Anthu anakuwa mokondwa. Anabwerezanso, ulendo uno akukokera pansi. Ndinagwira kabudula ndi manja onse awiri kutsogolo, ndinakhala pansi pafumbi, pa mafuta akuda a njinga aja, kuti asathe kumutsitsa. Ndinafuna kukuwa koma mawu sanatuluke, kukamwa kunali gwa. Ndikukumbukira bwinobwino mafoni awiri atandiloza, wina akusuntha kufuna malo abwino ojambulira. Ndipo bambo wokonza njinga uja, munthu wa imvi, anali atamiza chubu changa m'beseni la madzi akuyang'ana pamene thovu likutulukira, osadzutsa mutu ngakhale kamodzi. Ndinali pafupi naye moti akanatambasula dzanja akanandikhudza. Mpaka lero sindinamukhululukire bambo ameneyo, mwina kuposa mnyamata uja.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Anasiya beseni lake, anamasula chitenje chake chapamwamba akubwera, anandifunditsa, n'kuima pakati pa ine ndi iwo. Anangoti, "Aliyense amene akufuna kuona mkazi akavule mayi ake kunyumba, yambani ndi ine." Anakuwa mawu amenewo mpaka anthu anayamba kubwerera m'mbuyo akung'ung'udza. Anandidzutsa, anandimanga chitenjecho yekha chifukwa zala zanga sizinkagwira kanthu, anandikhazika pa benchi yake kumbuyo kwa beseni. Ndinalira pamenepo, iye akugulitsa zitumbuwa ndi dzanja limodzi, lina lili paphewa langa. Koma amayi ena a tomato amene anali pambali pake, amayi anzathu, ankalankhula mokweza dala kuti ndimve. "Wadziitanira yekha." "Mwamuna wake amamulola bwanji?" Zimenezo zinandipweteka kuposa lasitiki ija.

Ndiye musaganize kuti zinathera pamsika. Kanema uja anazungulira pa WhatsApp, anafika mpaka kwa abale a amuna anga. Mlamu wanga wamkazi, amene ndinamusunga m'nyumba mwanga akuphunzira, anaimbira mchimwene wake kumuuza kuti ndachititsa manyazi banja. Sanafunse ngati ndavulala. Amayi ena a kutchalitchi anabwera kunyumba ndi nkhope zachifundo kudzandilangiza za kavalidwe, palibe ndi mmodzi yemwe anati tiyeni tikamusake mnyamatayo. Ndinapita kukadandaula kupolisi ina, wapolisi amene ndinamupeza pa kauntala funso lake loyamba linali lakuti, "Munavala chiyani?" Ndinamuonetsa kanema, nkhope ya mnyamata ikuoneka bwinobwino, iye anaitana mnzake kuti adzaonere limodzi. Nkhani inafera pomwepo. Amuna anga okha ndi amene anaima nane, ndipo ndi iwo amene anakatenga njinga ija n'kukabweza chitenje cha mayi uja pamodzi ndi china chatsopano.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu omwewo, Malawi Queens ikamasewera, amadzaza pa TV kuchemerera Mwawi Kumwenda ndi anzake atavala timadiresi tofika pamwamba kuposa kabudula wanga. Temwa Chawinga akamagoletsa zigoli ku America tonse timanyada, kabudula ali pathupi, palibe amati wavula. Mzungu akadutsa pa msewu womwewo atavala zothina amamuimikira dzanja, ana akumuthamangira. Koma mayi wachimalawi akavala kuti ateteze moyo wake ndiye wasanduka hule. Ndipo amuna amene amanena za chikhalidwewo ndi omwe amakodza pa mpanda masana dzuwa likuswa mtengo, ana asukulu akudutsa. Chikhalidwe chake chiti? Kwathu kumudzi mwamuna wogwira mkazi wa mwini m'chiuno pagulu ankalipitsidwa kwa amfumu.

Izi si zachilendo, achemwali, zili ndi mizu yake. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amayi athu anakula akuopa buluku. Lamulo limenelo linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, koma m'mitu ya anthu ena silinachoke. Mwaiwala za January 2012, pamene mavenda ankavula akazi ovala mathalauza m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre? Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa zimenezo, ambiri atavala mathalauza dala, Joyce Banda ali wachiwiri kwa pulezidenti anali nawo, ndipo Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Mu 2013 kunabwera lamulo la Gender Equality Act, limene limati kuzunza munthu mwa njira yotereyi ndi mlandu woti munthu atha kukakhala kundende zaka 5. Malamulo alipo papepala. Ine ndinakhala pafumbi ndikugwira kabudula wanga malamulowo alipo kale.

Komanso pano pathu masewera olimbitsa thupi enieniwo anthu amawaona molakwika. Ukanenepa akuti banja likukuyanja, ukayamba kutsika thupi ayamba kunong'ona kuti ukudwala, mwina wayamba mankhwala. Ukakwera njinga uli ndi galimoto akuti ngongole zakugwira. Ukamathamanga m'mawa akufunsa kuti akukuthamangitsa ndani. Pomwe tikuika m'manda anthu a zaka 45 chifukwa cha sitiroko, tikudya nsima pamaliro awo n'kumati amulodza. Agogo athu sankafunika jimu chifukwa ankalima, kusinja, kutunga madzi kudambo, kuyenda wapansi kupita kuchigayo. Ife timachoka pabedi kukwera minibasi, kutsika kukwera kabaza mpaka pakhomo pa ofesi, kukhala tsiku lonse, madzulo tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. A World Health Organization amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Apongozi anuwo BP ikadzakugwetsani sadzakunyamulani kupita nanu kuchimbudzi, ndikukuuzani zoona.

Ena muno alemba kuti kumudzi amayi amapalasa atamanga chitenje, ku Mchinji, ku Nsanje, ku Karonga, mwana ali kumbuyo thumba la chimanga pa kaliyala. N'zoona, ndipo ndimawapatsa ulemu. Koma njinga zawo zambiri zili ndi chophimba tcheni, chishalo chachikulu cha masipuling'i, ndipo amapalasa atakhala mowongoka. Njinga yamasewera tcheni chili poyera, chishalo n'chopyapyala, umawerama, mwendo umazungulira mofulumira kwa maola. Si chimodzimodzi. Amuna nawonso amene timapalasa nawo amatukwanidwa, amawanena kuti avala zovala za akazi awo, koma iwo palibe amene amawakoka kabudula.

Ndiye mverani kuno. Musasiye, ndipo musapemphe chilolezo kwa aliyense kuti musamalire thupi lanu. Koma chitenje chopepuka chizikhala m'kachikwama kanu nthawi zonse, mukangotsika panjinga paliponse mangani musanachite china chilichonse. Ine masiku ano ndimavala kabudula wotaya pamwamba pa wothinayo, kasiponji kamagwirabe ntchito yake mkati, ndipo malaya ndimasankha aatali ophimba kumbuyo. Alipo makabudula otere a njinga za m'mapiri, mukafufuza pa kaunjika mumawapeza. Pochoka panyumba ngati apongozi ali pakhonde, tulukani mutamanga chitenje, mukamasule mukafika pamsewu waukulu, musadzipezere nkhondo ya tsiku ndi tsiku m'nyumba. Amuna anu akhale mbali yanu kaye, ndi iwo amene akalankhule ndi mayi awo, osati inu. Atengeni tsiku lopita kukayezetsa BP akamve okha kuchokera kwa adokotala.

Musapalase nokha, ngakhale tsiku limodzi. Gwirizanani ndi gulu lanu kuti wina akatsalira onse adikire pamwamba pa chitunda, ife tinakhazikitsa lamulo limeneli zitachitika zanga zija. Phunzirani kusintha chubu nokha, muziyenda ndi chapadera, pampu ndi tizitsulo totsegulira tayala, kuti tayala likaphwa mukonzere pamalo opanda anthu m'malo mokankha njinga kulowa mumsika. Nyamukani kukangoyera, pofika 8 koloko mukhale mutabwerera, misika isanadzaze ndiponso magalimoto akuluakulu asanachuluke, chifukwa misewu yathu ilibe malo a njinga ndipo madalaivala a minibasi sakuonani ngati munthu. Tsiku la msika pewani njira imeneyo. Chipewa choteteza mutu musachisiye, ndi malaya owala oti muzioneka patali. Wina akakugwirani kuwani, musachite manyazi, ndipo mukapita kupolisi musathere pa kauntala, funsani ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, mupite ndi munthu wina wokuperekezani.

Poti BP yanu ndi yokwera kale, musayambe ndi zitunda za ku Zomba kapena kutsetsereka ku Chikwawa. Yambani ndi kuyenda wapansi mofulumira madzulo, tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kenako njinga pamalo athyathyathya pang'onopang'ono, ndipo mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kupalasa. Mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa imani pomwepo. Kabudulayo mukagula wa pa kaunjika muchapeni bwino ndi madzi ofunda musanavale, ndipo samavalira kabudula wamkati, msoko wa wamkatiyo ndi umene umabweretsa zilonda. Mukangofika kunyumba muvuleni, muchapeni tsiku lomwelo, muyanikeni motembenuza kuti kasiponji kaume ndi dzuwa. Ngati muli ku Blantyre kuno ndilembereni ku inbox, Loweruka timanyamuka tili amayi angapo, ndidzabwera kudzakutengani pageti panu.