Mwana wa othawa kwawo akamamva chilankhulo cha makolo koma osachiyankhula

Funso: Ndimagwira ntchito ndi mabanja omwe anathawa nkhondo kwawo. Makolo akudandaula kuti akayankhula chilankhulo chawo, ana akumva bwinobwino koma akuyankha m'chilankhulo cha dziko lomwe athawirako. Ndiwalangize zotani?

Yankho: Makolowo sakudandaula pachabe. Kawirikawiri chilankhulo chimatha pa mibadwo itatu: omwe anathawawo amayankhula chawo, ana awo amayankhula zonse ziwiri, adzukulu amangotsala ndi moni. Kumva osayankha ndiko kuyamba kwake, ndipo kumaoneka mwana akalowa sukulu. Anzake akamuseka kayankhulidwe kamodzi kapena kawiri, amatseka pakamwa. Kenaka amabwera nacho chilankhulo chatsopanocho kunyumba, n'kumasewera nacho ndi ang'ono ake, mayi naye atatopa n'kuyamba kuyankha momwemo.

Kupweteka kwake kumadziwika mochedwa. Anthu a ku Burundi omwe anathawira ku Tanzania mu 1972 analerera ana m'midzi ya othawa kwawo ya Katumba, Mishamo ndi Ulyankulu, komwe sukulu zinali m'Chiswahili. Mabanja ena atabwerera kwawo cha m'ma 2008, ana ambiri anasowa pogwira m'kalasi, chifukwa aphunzitsi ankagwiritsa ntchito Chirundi ndi Chifalansa.

Auzeni makolo asankhe nthawi imodzi tsiku lililonse, ngakhale mphindi 30 za madzulo, yoti m'nyumba mumveke chilankhulo chawo chokha. Mwana akayankha m'chinacho asamukalipire. Mayi angobwereza zomwe wanenazo m'chilankhulo cha kwawo n'kumufunsa funso losayankhika ndi "inde" kapena "ayi". Kukalipa kumachititsa mwana kuona chilankhulocho ngati chibalo. Ayambire pa mwana wamkulu, chifukwa ang'onoang'ono amatsanzira iyeyo kuposa makolo. Ngati alipo agogo, awajambule mawu pa foni akuimba, akusimba nthano, akutchula maina a makolo akale ndi malo omwe anasiya. Koma nkhani za kuthawako musawaumirize; ena anapulumuka pobisa mtundu wawo, ndipo mantha amenewo satha msanga.

Pakapezeka ana asanu kapena kuposa a misinkhu yofanana, akumane kamodzi pa sabata kuti aphunzire kuwerenga ndi kulemba. Mwana amakonda chilankhulo chimene ali nacho mnzake. Ndipo musawaletse cha dziko lowalandiralo: n'chimene adzalembere mayeso.

Funso: Dzina la mwana linalembedwa molakwika polembetsa. Tingolisiya?

Yankho: Ayi, pitani msanga ku ofesi yomwe munalembetsa, kaya ya boma kapena ya UNHCR (bungwe la United Nations loona za othawa kwawo), ndi chikalata chilichonse chomwe chili ndi dzina lolondola. Dzina lolakwikalo limasamukira pa ziphaso za sukulu, ndipo likasiyana ndi la makolo limachedwetsa ntchito yolumikizanitsa banja. Onaninso tsiku lobadwa, chifukwa ambiri omwe analibe zikalata anangolemberedwa 1 Januwale.