Kwa achemwali afunsa za Ilala ndi ulendo wa ku Likoma aja

Achemwali, ndaona funso lanu lija, loti akutumizani kukaphunzitsa ku Likoma, inu ndinu a ku Salima koma chakumtunda, simunakwereko olo bwato, nde mukufuna kudziwa ngati sitima ya Ilala ili yodalirika poti anthu akuti inakalamba, komanso ngati mungakwerere kuno ku Nkhotakota kapena mupite mpaka ku Nkhata Bay. Ndawerenga mayankho a anthu apa, ambiri akungokuopsezani, ena akuti kanani ntchitoyo, zomwe zandiwawa mtima chifukwa ana a pachilumba paja nawonso akufuna aphunzitsi. Ndilemba zambiri mundipirire. Mayi anga kwawo ndi ku Likoma konko, ine ndinabadwira kuno ku Linga, ku Nkhotakota, ndipo sitimayi ndinayamba kuikwera ndili kumsana.

Zoti ndi yokalamba nzoona, palibe chobisa. Ilala anaipanga mu 1949 ku Glasgow, dziko la Scotland, kampani yake inali Yarrow. Ataimaliza anaiphwasulanso nkuitumiza zidutswazidutswa pa sitima yaikulu mpaka ku Beira, kuchoka apo pa njanji mpaka pa Chipoka, kwanu komweko, kenako anakailumikiza ku Monkey Bay nkuyamba kunyamula anthu mu 1951. Nde mukamadutsa pa Chipoka po muzidziwa kuti sitima imeneyi inalowera pakhomo panu. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52, imanyamula anthu opitirira 300 ndi katundu wokwana matani pafupifupi 100. Injini zake anazisinthapo, si zomwe inabwera nazo ayi, ndipo nthawi ndi nthawi amaikweza pa doko lokonzera masitima ku Monkey Bay nkuiona pansi pomwe. Dzina lakelo nalonso inachita kulowa, panali Ilala yoyamba, kasitima kakang'ono ka nthunzi komwe amishoni a ku Scotland, gulu la Robert Laws, anabwera nako mu 1875, anthu mazanamazana anakasenza pamutu zitsulo zake kulambalala mathithi a Shire, nkulowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Ilala ndi dera la ku Zambia komwe David Livingstone anafera.

Koma chomwe anthu okuopsezaniwo sakunena ndi chakuti Ilala inabwera pambuyo pa maliro aakulu. Isanabwere kunali sitima ina yatsopano dzina lake Vipya. Pa 30 Julaye 1946 inachoka ku Mbamba Bay kutsidya la Tanzania kulowera cha ku Chitimba, mphepo inaipeza pakati, inagudubuzika nkumira, anthu 145 anathera pomwepo, sitima yoti inali isanathe nkomwe maulendo asanu. Akuluakulu amati inali yolemera kumwamba. Agogo anga aamuna ankati akamakamba nkhani ya Vipya amatsitsa mawu ngati munthu akupepesa maliro. Ilala ndi yomwe inadzatenga ntchito imeneyo, ndipo chiyambire 1951 yakumana ndi mwera wa zaka zoposa 70. Ine pa nkhani ya kulimba ndimaikhulupirira kuposa china chilichonse choyandama panyanja pano.

Chomwe muyenera kuchiopa inu ndi boti laling'ono lodzaza mopitirira muyeso, nthawi ya mwera. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera, imayamba cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala, ndipo imayenda kutsata utali wa nyanja yonse nde ikamafika kuno kwathu mafunde amakhala atakula kale. Mmawa nyanja imatha kukhala phee ngati madzi a m'beseni, pofika masana yasanduka, mafunde oyera kumutu. Asodzi athu a chilimira akaona choncho amakokera maboti kumtunda, usipa umasowa pamsika, ndipo palibe amawanena kuti ndi amantha. Kudzakhala anthu okuuzani kuti "tiyeni aphunzitsi, sitima yachedwa, boti ili likupita pompano", inu muyang'ane kaye mmene lakhalira m'madzi. Ngati m'mphepete mwake mwatsala pang'ono kuti madzi alowe, matumba a simenti ali pansi anthu akhala pamwamba pake, ma life jacket palibe, musakwere olo mawa lake kukhale kotsegulira sukulu. Ine ndinakwerapo lotero kamodzi chifukwa chothamangira maliro a malume, tili pakati injini inazima, mnyamata akupungula madzi ndi chigubu chodula pakati, amayi ena atagwira mwana pachifuwa akungoyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, aliyense duu. Inadzalira ndithu injiniyo koma kuyambira tsiku limenelo ndimadikira sitima.

Nkhani yomweyi ife a Anglican kuno tinakula tikuimva kutchalitchi. Bishopu Chauncy Maples, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa Likoma, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu mu 1895 ankabwerera ku chilumba, anafulumira nkukwera boti la matanga mmalo modikira sitima ya mishoni, usiku mphepo inaligubuduza, iye anamira. Amati mkanjo wake wautali uja ndi womwe unamulemera m'madzi. Thupi lake linaikidwa kuno ku Nkhotakota. Sitima yomwe anaitchula dzina lake inayamba kuyenda mu 1901, ndipo chitsulo chake chikadalipo ku Monkey Bay.

Tsopano za kokwerera. Ilala mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba, nkubwereranso, ulendo wonse umatenga pafupifupi sabata. Koma ndandanda imasintha, madoko ena nthawi zina imawadumpha, nde musanyamuke pakhomo musanaimbe foni kwa a masitima kufunsa ngati sabata imeneyo iima pati komanso nthawi yanji, ndipo nthawi yomwe akuuzeniyo muitenge ngati chiyambi cha kudikira. Kuchedwa kwake kwambiri kumakhala kwa kutsitsa ndi kukweza katundu m'madoko a m'mbuyo.

Kuno ku Nkhotakota madzi a kugombe ndi osaya, mchenga wambiri, sitima siifika kumtunda. Imaponya nangula patali ndithu, nkutsitsa maboti ake awiri aja kuti azitenga anthu. Ndikuuzeni mmene zimakhalira kuti musadzadzidzimuke. Mumakhala pamchenga mwina kuyambira madzulo, mwayala chitenje, udzudzu ukuluma, kenako wina amakuwa kuti yaoneka, mumaona timagetsi kutali ngati mudzi ukuyenda pamadzi, ikaliza hutala aliyense dzambatu. Boti likafika silimagunda pouma, mumalowa m'madzi mpaka m'mawondo, tsiku lina mpaka m'chiuno, thumba pamutu. Pali anyamata omwe amanyamula anthu pamapewa mukawapatsa kangachepe, musachite nazo manyazi, agogo ndi azibusa omwe amanyamulidwa. Pofika pa sitima boti limakhala likukwera ndi kutsika ndi mafunde, inu mumadikira likwere nde mugwire makwerero, wantchito wa m'sitima amakukokani dzanja. Ana amapatsirana m'manja kuchokera m'boti mpaka m'kati, mayi ake akadali pansi, ndipo sindinaonepo munthu akukana kulandira mwana wa mnzake pamenepo. Nsapato muvule muike m'thumba. Masatifiketi anu, kalata ya ntchito ndi foni mukulunge m'mapepala a pulasitiki awiri, muike m'kachikwama kapakhosi.

Poti ndi ulendo wanu woyamba ndipo mukhala ndi matilesi, ndowa, mapoto, ine ndikuti kwerani basi msewu wa M5 mudutse kuno, Dwangwa, mpaka ku Nkhata Bay mukakwerere kumeneko. Kuchokera kumeneko zilumba zili pafupi, mumayamba kuima pa Chizumulu kenako Likoma, ndipo anthu a ku Likoma ambiri amagula katundu wawo ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu nde simusowa woyenda naye, mungonena kuti ndinu aphunzitsi atsopano muona mmene akulandirireni katundu. Njira ya kuno mudzaiyese mukazolowera, mwina pobwera ku holide.

M'sitimamo muli magawo. Pansi ndi pa ekonome, potchipa, pamenepo ndi pomwe pali moyo weniweni wa nyanja, matumba a chimanga ndi ufa, usipa wouma, makireti, malata, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, anthu agona pamwamba pa katundu wawo, kutentha kwa injini ndi fungo la dizilo. Pali sekondi kalasi, kenako pamwamba penipeni poyera pomwe pali bala, ndi makabini a anthu a ndalama zawo. Ngati thumba likulola, ulendo woyambawu lipirani pamwamba, chifukwa munthu wosazolowera akakhala pansi mopanda mpweya sachedwa kuchita nseru. Koma tengani bulangete ndi juzi, usiku pamwamba paja pamazizira zedi. Musakwere ndi njala, musadyenso zamafuta kwambiri, ndipo mutu ukayamba kuzungulira yang'anani kutali komwe madzi akumana ndi mitambo osati pafoni. Mukadzaona chinthu chakuda chitaima pamadzi ngati utsi wa moto wolusa musaope, ndi nkhungu, tizilombo touluka tija, anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola nkupanga ndiwo.

Mukakhalako mwezi umodzi mudzamvetsa chifukwa chomwe ife timaikondera sitimayi ngati munthu. Likoma ndi kachilumba kakang'ono, ma sikweya kilomita 18 okha, miyala, mchenga ndi milambe, chimanga sichichita bwino, anthu amadalira chinangwa cha kondowole ndi nsomba. Shuga, sopo, mafuta ophikira, simenti, mabuku a kusukulu, zonse zimabwera pamadzi. Bwalo la ndege lilipo koma ndi angati angakwanitse. Tsiku la sitima ku Mbamba, doko la pa Likoma, kumakhala ngati tsiku la msika waukulu, wina akudikira mwana wochokera ku sekondale, wina katundu wa golosale, wina bokosi la maliro a m'bale yemwe wamwalirira ku chipatala cha kumtunda. Sitima ikapita kokakonzedwa mitengo ya zinthu imakwera sabata yomweyo, odwala otumizidwa ku chipatala chachikulu amavutika, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe anthu amakakamizika kukwera maboti odzaza aja. Nchifukwa chake ine ndimati dziko lathu likufunika sitima ina yaikulu yatsopano Ilala isanatope, osati kudikira tsiku lomwe idzalephere kudzuka. Anthu a kumtunda msewu ukakumbika amadandaula pa wailesi sabata yonse, ife msewu wathu ndi umodzi ndipo unapangidwa agogo athu ali anyamata.

Wina pamwambapa wafunsanso kuti bwanji Likoma ili ya Malawi chonsecho ili m'madzi a Mozambique, moti ukaima kugombe umaona nyumba za ku Cobue. Yankho lake ndi masitima omwewa. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pachilumbachi mu 1885, ndipo cha nthawi yomweyo anaika panyanja sitima yawo Charles Janson, yomwe wansembe William Percival Johnson ankayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pomwe Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire mu 1891, gombe la kuvuma linapita kwa Apwitikizi koma Likoma ndi Chizumulu zinatsalira mbali ya Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kumanga mu 1903 nkuchipatula mu 1911, chili pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mukalowamo mudzadabwa kuti chinyumba chotere chinamangidwa bwanji pakachilumba kopanda msewu wochokera kulikonse.

Ndipo inu monga mphunzitsi izi zikukukhudzani. Masitima a mishoni aja sankangonyamula azungu ndi makalata ayi, ankatula aphunzitsi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mu Chauncy Maples munali malo ophunziriramo ndi opemphereramo, anyamata ankaphunzira sitima ikuyenda. Likoma inatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi makalaliki omwe anabalalika dziko lonse mpaka maiko oyandikana nafe. Anthu ake mpaka lero sukulu amaitenga ngati chuma cha pabanja, mudzaona nokha makolo akubwera kudzafunsa mmene mwana akuchitira.

Kuno kwathu mbiri ya zombo ili ndi mbali yowawa. Masitima a nthunzi asanabwere, Nkhotakota linali doko la Jumbe, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake za matanga zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, kuchoka kumeneko ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Mtengo womwe Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ukadalipo ku mishoni kuno. Ine ndikakhala pamchenga usiku kudikira Ilala nthawi zina ndimaganiza za anthu amenewo, kuti anaolokera pagombe lomweli osadziwa komwe akupita ndipo sanabwerere.

Ndalama zapamanja mutengeko zokwanira masabata oyamba, musadalire kuti mukatapa kumeneko tsiku lomwelo, ndiponso ufa, nyemba ndi mafuta zoyambira. Mpunga mugule kuno podutsa, wa kilombero, kumeneko ndi wodula. Mukatsimikiza tsiku lonyamuka mundilembere ku inbox, ndiuza azakhali anga akakuchingamireni ku Mbamba, ndipo mayi akuti ngati simulemedwa ali ndi kathumba kakang'ono koti muwatengereko.