Za kudzazanso zipolopolo za .303 ija

Achimwene, mwafunsa ngati mungapange fire forming pa zigoba za .303 ya agogo ija kuti muzidzaza nokha poti zipolopolo zadula. Ine ndikuti zisiyeni, mfuti yanuyo sikufuna zimenezo.

Fire forming ndi kuombera chigoba mu chemba (malo omwe chipolopolo chimakhala mumfuti) chomwe sichikugwirizana nacho ndendende, onga ukaphulika chigobacho chimafufuma nkutenga shepu ya chembacho. Zimatheka chifukwa brass yake ndi yofewa, kopa 70 zinki 30 pa handiredi. Omwe amapanga izi kwambiri ndi eni mfuti za Ackley Improved, zija P.O. Ackley wa ku America ankawongola mbali za chigoba nkuimika phewa pa madigiri 40 kuti onga uzilowa wambiri, ndiye poti zambiri mwa izo zipolopolo zake mushopu mulibe amaumba okha zigoba. Yanuyo chemba chake ndi wamba, muumba chani?

Komanso Lee-Enfield, mtundu wa .303 yanuyo, imadya zigoba zedi. Chemba anachipanga chotakasuka dala kuti msilikali aziombera ngakhale mwalowa fumbi kapena matope, ndipo bolt yake (chitsulo chotsekera chipolopolo mu chemba) imakoleka kumbuyo, ndiye kuombera kulikonse chigoba chimatalika nkumapyapyala cha kumunsi. Tengani chimodzi chomwe chinaombedwa kale muchiyang'ane padzuwa, pamwamba pang'ono pa rim (mkombero wa kumunsi kwa chigoba) mukaona kamzere kowala kozungulira, kapena mukalowetsa kawaya kopinda nsonga nkumva kakukodwa mkatimo, chimenecho chatha. Mukachidzazanso chimaduka pakati mfuti ili patsaya, mpweya wamoto nkubwerera kumaso. Ndipo zigoba zambiri zakale za asilikali ndi za mtundu wa Berdan, suzumirani mkati muona timabowo tiwiri m'malo mwa kamodzi, kuchotsa primer yake (kakapu koyatsa onga) ndi chintchito. Zoti ena amathiramo onga wa machesi kapena wa makombola a pa Khrisimasi, musayerekeze olo pang'ono, anthu amaduka zala nazo zimenezo.

Nanga mapepala alipo? Layisensi ngati idakali m'dzina la malemu ndiye mfutiyo si yanu pamaso pa boma, ndipo chilolezo chosunga mfuti si chilolezo chopanga zipolopolo. Onga ndi ma primer musati mudutsa nazo pa Mwami kuchokera ku Chipata mwakachetechete. Kuno ku Kasungu nkhani ya mfuti ndi yotentha chifukwa cha paki, makamaka chibwerere njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe anakonzanso mu 2017 limafika zaka 30 kundende. Akupezeni ndi zipolopolo zodzaza pakhomo cha ku Chulu kapena kwa Lukwa, muwauza chani kuti akumvetseni?

Yambani mwapita ku polisi ya pa boma mukonze za layisensi, mufunse komweko amene angakuyezereni headspace (mpata wa pakati pa bolt ndi pomwe chigoba chimatsamira mu chemba) poti mfutiyo yakalamba, kenako muzigula zipolopolo za kufakitale kwa ogulitsa ovomerezeka.