Kwa mayi amene afunsa za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse

Amayi, ndaona funso lanu loti mwana wanu wamkazi wa zaka 13 wabwera kuchokera kusukulu akufunsa kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali ya chiyani, ndipo inu mukusowa poyambira, mukuopanso kumuchititsa mantha. Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kuno ku Chigwa mpaka kupuma, tsono mundilole nditalikitseko.

Musayambe ndi Hitler. Yambani ndi zimene ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tinaziona ndi maso athu. Ngati agogo ake alipo, amufotokozere mmene anthu ankafikira kuno kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, mphika pamutu, mwana kumsana, mapazi atang'ambika. Dziko lathu linalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo msasa wa Mankhokwe ku Nsanje unakula ngati tauni. Mwana akamvetsa kuti nkhondo ndi mayi amene wasiya mapira akucha m'munda n'kuthawa usiku, zina zonse azimva msanga. Mukatero mumuuze kuti kuyambira 1939 mpaka 1945 zoterezi zinachitika nthawi imodzi ku Ulaya, ku Asia ndi kuno ku Africa, ndipo anafa anthu oposa 60 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni. Awerengere yekha kuti ndi Malawi angati ameneyo. Ndipo ambiri mwa akufawo sanali asilikali.

Chiyambi chake chili mu nkhondo yoyamba, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Germany itagonja mu 1918, pangano la ku Versailles la 1919 linailanda madera n'kuilamula kulipira chindapusa chachikulu. Kenako mu 1929 chuma cha dziko lonse chinagwa, mafakitale n'kutsekedwa, anthu mamiliyoni n'kukhala pa ulova. Munthu wanjala ndi wamanyazi sachedwa kumvera womuuza kuti wakulodza ndi uje. Adolf Hitler anatenga ulamuliro mu 1933 akuuza anthu kuti mavuto awo abwera ndi Ayuda. Italy ya Mussolini inalanda Ethiopia kuyambira 1935, Japan inalowa m'kati mwa China mu 1937, ndipo pa 1 Seputembala 1939 Germany inaukira Poland. Patangopita masiku awiri Britain ndi France zinalengeza nkhondo. Ife nthawi imeneyo tinali Nyasaland, pansi pa Angerezi, ndiye tinangopezeka tili m'nkhondo popanda wotifunsa maganizo.

Apa ndi pamene ndimafuna ana athu azitchera khutu, chifukwa ambiri amaganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya azungu okhaokha. Anyamata zikwizikwi a dziko lino analowa gulu la King's African Rifles, la KAR lija. Anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, kumene mfumu Haile Selassie inabwerera ku Addis Ababa mu Meyi 1941. Ena anapita ku Madagascar mu 1942, ena anawoloka nyanja yamchere kukafika ku Ceylon, Sri Lanka wa leroyu, pomaliza ku Burma, kumene lero timati Myanmar, kukakumana ndi asilikali a Japan.

Malume anga anali m'gulu la ku Burma. Anakwera sitima ya pamtunda pa Port Herald, Nsanje wa leroyu, asanaonepo nyanja yamchere chibadwire. Ndili mwana ndinkawaumiriza kuti andiuze anthu amene anawaombera, koma pa zimenezo ankangoti chete. Zimene ankasimba zinali mvula ya m'chigwa cha Kabaw mu 1944, yogwa osalekeza mpaka nsapato kuwolera kuphazi, misundu yomamatira m'miyendo, ndi malungo amene ankagwetsa anzawo kuposa zipolopolo. Ankati ife a ku Chigwa timadzitama kuti udzudzu ndi matope tinazizolowera, koma kumeneko anadziwa kuti sanaone kanthu. Kumudzi kuno azakhali anatsala okha ndi munda wa thonje ndi ana atatu, kalata imabwera mwa apo ndi apo, wowawerengera n'kukhala mphunzitsi wa pamishoni. Atabwerako malume ankadzidzimuka usiku akukuwa, mpaka ukalamba wawo. Anthu pamudzi ankanong'onezana kuti ndi mizimu. Lero ndimadziwa kuti linali bala la mumtima, ndipo zimandiwawa kuti panalibe wodziwa kulichiza.

Tsono za Ayuda. Musamubisire, amayi, chifukwa akazazimva kwa anzake kapena pa TikTok zidzabwera zopotoka. Boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, ndipo mwa iwo ana analipo pafupifupi 1.5 miliyoni. Linaphanso anthu a mtundu wa Roma, amene ena amawatcha ma Gypsy, ndi anthu olumala. Chimene mwana wa zaka 13 ayenera kugwira ndi chakuti kuphako sikunayambe tsiku limodzi. Kunayamba ndi mawu achipongwe m'manyuzipepala ndi pawailesi. Mu 1935 kunabwera malamulo a ku Nuremberg olanda Ayuda unzika ndi kuletsa ukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena. Kenako ana achiyuda anachotsedwa m'sukulu za boma, anthu n'kukakamizidwa kusokerera nyenyezi yachikasu pa malaya. Pomaliza ndi pamene anawapakira m'mabogi a sitima ngati ng'ombe kupita nawo kumisasa monga Auschwitz, kumene ambiri anaphedwa ndi mpweya wapoizoni tsiku lomwelo lofika. Ine ndikafika apa m'kalasi ndinkafunsa ana kuti, kodi nkhalamba ikatchedwa mfiti pamudzi, kapena mnzathu wachialubino akamanenedwa ngati katundu wamalonda, enafe timatani? Kalasi inkati zii.

Njala nayo inapha koopsa, ndipo ife njala timaidziwa. Mzinda wa Leningrad ku Soviet Union unazingidwa masiku pafupifupi 900, anthu oposa 600,000 n'kufa, ambiri ndi njala ndi kuzizira. Dziko limenelo lokha linataya anthu pafupifupi 27 miliyoni. Ku Bengal, ku India, njala ya 1943 inapha anthu oposa 2 miliyoni amene sanagwirepo mfuti.

Mathero ake mungawanene mwachidule. America inalowa nkhondo Japan itaphulitsa doko la sitima zankhondo za America la Pearl Harbor mu Disembala 1941. Germany inagonja pa 8 Meyi 1945. Pa 6 ndi pa 9 Ogasiti America inaponya mabomba a nyukiliya pa Hiroshima ndi Nagasaki, ndipo Japan inasaina kugonja pa 2 Seputembala. Asilikali athu anabwerako ataona kuti mzungu naye amanjenjemera ndipo amafa, ndipo pasanathe zaka 20 Malawi anali pa ufulu. Bungwe la United Nations linabadwa mu 1945 momwemo, ndipo mu 1950 linakhazikitsa UNHCR kuti ithandize anthu a ku Ulaya amene nkhondo inawasiya opanda kwawo. Ndi UNHCR yomweyo imene tinkaona magalimoto ake akudutsa pa Bangula kupita kumisasa.

Za mantha zija, zithunzi za mitembo ya m'misasa asazione yekha pafoni usiku. Mukafuna kuonera kanema, khalani naye pambali, muziimitsa akafuna kufunsa, ndipo akalira musamuletse. Mukadzakhala ndi ulendo wa ku Zomba mudzamuonetse chipilala chachitali cha KAR, chimene chinamangidwa pokumbukira akufa pa nkhondo ya Chiwaya. Koma sabata ino yomwe mufunse akuluakulu a kubanja kwanu ngati panali wina amene anapita ku Burma kapena ku Ethiopia. Kwathu mendulo za malume tinazipeza m'kachitini pansi pa bedi, maliro awo atatha.